Pepala la Magetsi pa Sikelo ya Tiyi

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti ofuna kundiseka asekeretu pano, tisamadulane mawu kutsogoloku. Ine ndinkakhulupirira kuti chinthu chosagwedeza sikelo sichingadyetse munthu. Ndipo sindinkakhulupirira zimenezi ndili mwana ayi. Ndinali ndi ndevu, mkazi, ana anayi ndi njinga.

Musandiweruze msanga. Ndinali kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, nthawi ya Chitaganya. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma masamu ochotsera ndinkawadziwa kuposa aphunzitsi amene anandithamangitsa. Sikelo yanga inkapachikidwa pa nthambi ya bulugamu m'mphepete mwa munda. Othyola tiyi ankabwera pamzere ndi madengu kumsana, ine n'kupachika dengu, n'kuwerenga pamene muvi waima, n'kuchotsapo kulemera kwa dengu lenilenilo. Mvula ikagwa panali chinanso chochotsa. Masamba onyowa amalemera, ndipo bwana ankati iye sagula mvula. Ndiye ndinkapisa dzanja m'dengu, kufinya masamba pang'ono, n'kunena kuti apa madzi ndi akutiakuti. Tinkati kudula madzi. Panalibe buku lonena kuti udule bwanji. Buku lake linali dzanja langali.

Mlongo wanga, wonditsatira, ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo, ndipo nyumba ndi kamunda kake zinali pa malo a esiteti. Mwamuna wake anapita ku Joni mwana ali kumsana, n'kutchona. Kalata inabwera imodzi, ya moni wokhawokha. Mwanayo anakula, namaliza Sitandade 6 kumishoni, chinthu chimene pa mbumba yathu panalibe anachitapo. Ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mlandu wako. Bambo amabala, koma wonena kuti mwana alowera kuti ndi malume wake.

Tsiku lina mlongo wangayo anafika kwanga atakwapatira tambala. Ndinadziwiratu kuti tambalayo ali ndi mawu.

Njira zinali ziwiri. Bwana wamng'ono woyang'anira minda anali ataona mmene mnyamatayo amalembera, nati akhoza kuyamba msanga kulemba matikiti kufakitale, malipiro mwezi womwewo. Koma mphunzitsi wake kumishoni anali atamupezera malo ku Kabula, kosulira amisiri a magetsi. Zaka zitatu, kenako mayeso, kenako pepala lachidindo. Mphunzitsiyo ankati mwana akatenga pepala limenelo adzadya ndi foloko moyo wake wonse. Za fizi ankanena motsitsa mawu, ngati munthu wonena za maliro.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu," anatero mlongo wanga. "Ine ndilibe mawu. Koma mwanayu usiku sakugona, akungomasula tochi ya eni ake."

"Ndipatseni sabata, achemwali. Ndiyeze."

Ndalama ya fizi inalipo pamalo amodzi okha, ndiwo njinga yanga. Ndikuti yanga pofuna kufupikitsa nkhani. Gudumu lakutsogolo ndi chishalo zinachokera m'malipiro anga, koma gudumu lakumbuyo, tcheni ndi keliyala zinachokera m'mowa wamasese umene mkazi wanga ankafulula tsiku la malipiro. Loweruka lililonse lachiwiri njingayo inkanyamula chimanga chake kupita nacho kuchigayo, mtunda woti munthu woyenda pansi anyamuke tambala woyamba. Tambala wa mlongo wanga uja tinamudya tsiku lomwelo, ndisananene chilichonse. Kumeneko kunali kulakwa koyamba.

Pafakitale pathu panali mmisiri wa magetsi, munthu wachikulire wamfupi amene anaphunzira ku Halale. Ameneyu ndiye ndinaganiza zomupachika pa sikelo poyamba. Masiku atatu ndinkadzera dala kuseri kwa nyumba ya injini ndikamakapereka buku. Lolemba ndinamupeza atakhala pa bokosi akudya mzimbe. Lachiwiri ankawotcha chinangwa pa paipi ya utsi wa injini. Lachitatu anali atatseka maso, chipewa pamphuno.

"Amwene," ndinamudzutsa, "kodi inu ntchito mumayamba nthawi yanji? Ndadutsa pano katatu, katatu konse mukutafuna kapena kulota."

"Injiniyo mukuimva?"

"Ndikuimva."

"Ndiye kuti ndili pantchito. Tsiku limene mudzandione ndikuthamanga, mudzadziwe kuti masamba anu onse mwayeza aja akuwola pachithatha."

Ndinamuuza za mnyamata uja, ndipo ndinapempha kuti ndione pepalalo ndi maso anga. Analowa m'kachipinda kake, natuluka ndi chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munali nsalu, m'nsalumo munali pepala lokhuthala lokhala ndi chidindo chofiira pakona. Apa ndiye pamene ndikuti sekani. Ndinalinyamula pepalalo kupita nalo pa sikelo yaikulu ya pakhomo la fakitale, n'kuliikapo. Ndinkadziwa ndithu kuti pepala sililemera, sindinali wamisala. Koma ndinkafuna kuti mwini wake aone ndi maso ake. Muvi sunasunthe ngakhale pang'ono.

"Mwaona?" ndinatero.

"Ndaona. Ikaniponso tikiti yanu ya malipiro, akalaliki, tione ngati muviwo uthyoke."

Anthu onyamula matumba anaseka, inenso ndinaseka chifukwa panalibe kothawira. Kenako ndinamukokera pambali n'kumufunsa chimene ndinadzera, kuti pakutha pa mwezi amalandira zingati. Anayang'ana uku ndi uku, nandinong'oneza. Sindinena nambala yake, munthuyo anamwalira ndipo anali wabwino. Ndingoti inkaposa yanga, koma osati moti n'kudya ndi foloko. Kusiyana kwake kukanagula bulangete limodzi pa miyezi iwiri, lopyapyala.

"Nanga mzungu wa injini uja, amene amangobwera kudzasaina?"

"Ameneyo musamuwerengere. Pepala lake anabadwa nalo."

"Ndiye mwanayu ndimutumize, kapena ayi?"

Anabweza pepala lija m'nsalu pang'onopang'ono. "Malume wake sindine. Ine andichotsapo ntchito kawiri, ndipo sindinakhalepo sabata osapeza pena. Koma tinali awiri pophunzira. Mnzangayo anagwira waya woti sanayenere kugwira, tinamuika m'manda pepala lake lili latsopano. Tengani chinangwa ichi, chapsa."

Ndinachoka ndi chinangwa, yankho ayi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakhala pakhonde ndi pensulo ndi matikiti akale, n'kuyamba kulemba kuseri kwake. Ndinachita monga ndinkachitira pansi pa bulugamu. Pamwamba ndinalemba malipiro amene mphunzitsi uja ankalonjeza. Kumeneko ndiko kulemera kwa dengu ndi masamba omwe. Kenako ndinachotsa dengu: fizi, sitima yochokera ku Luchenza, nsapato, zida zimene akuti wophunzira amagula yekha, ndi malipiro a zaka zitatu a ukalaliki amene mnyamatayo akanawataya. Panalinso thangata. Mnyamata akakula pa malo a esiteti ankayenera kulowa m'buku la ntchito, apo ayi banja lilipire m'malo mwake kuti lisasamutsidwe. Ndinachotsanso chimenecho.

Kenako ndinayamba kudula madzi. Mphunzitsi ndi munthu wolankhula, mawu ake ndi onyowa, ndinadula. Mnyamatayo akhoza kulephera mayeso, ndinadula. Akhoza kutchona monga bambo wake, pakuti magazi samva sukulu, ndinadula kwambiri. Akhoza kukwatira mkazi wa m'tauni wofuna nsapato zazitali, ndinadula. Waya uja, ndinadula. Pomaliza pansi pa tikiti panatsala kanthu kochepa, koti sukuluyo idzabweza ndalama yake mnyamatayo atayamba dazi. Ndinayang'ana ntchito yanga n'kuikonda. Inali yaukhondo.

Madzulo ndinapita kwa mlongo wanga n'kumuuza kuti ndayeza, ndipo sukulu ya magetsi yapepuka. Mwana ayambe kufakitale. Mlongo wangayo ankasenda kalongonda, ndipo sanasiye kusenda. Anangoti, "Chabwino, achimwene." Mnyamatayo anagwada, nati, "Zikomo, amalume," n'kutuluka kukatsekera mbuzi zimene zinali zotsekera kale.

M'mawa mwake kunagwa mvula ya Januwale, ija yoyamba usiku n'kumangopitirira ngati yaiwala kwawo. Nthawi imeneyo tiyi amaphuka ngati wopenga, ndipo mzere wa pa sikelo unali wautali. Aliyense anali atafunda thumba pamutu. Ine ndinali pansi pa kadenga ka lata kamene tinkaimika pa mitengo inayi, dzanja m'dengu, kufinya, kudula, wotsatira. Azimayi ankanditukwana m'Chilomwe monga mwa masiku onse, poganiza kuti ukalaliki unandiiwalitsa chinenero cha amayi anga.

Linafika dengu la mlongo wanga. Pa sikelo ndinalibe m'bale, aliyense ankadziwa. Ndinapachika, ndinawerenga, ndinachotsa dengu, ndinapisa dzanja.

"Atatu a madzi," ndinatero.

"Atatu," anabwereza. Kenako anakweza mawu kuti mzere wonse umve. "Achimwene, nanga pa mwana wanga paja munadula angati?"

Nkhani inali itayenda kale m'mizere ya tiyi, pakuti mzere wonse unafa nacho chiseko. Ndinati ndimuyankhe kuti za pakhomo sizikambidwa pantchito, koma kumbuyo kwake kunali mayi wina wachikulire, wa mano awiri, amene anayamba kuthyola tiyi ine ndisanavale kabudula. Anatsitsa dengu lake pansi, nandiyang'ana ngati mbuzi yamalonda.

"Akalaliki, ndifunseko. Dzanja lanuli limaphonya?"

"Ndine munthu, mayi. Nthawi zina limaphonya."

"Eya. Ndiye zaka zonsezi likamaphonya, linayamba laphonyerapo kwa ife?"

Mzere sunasekenso. Unkadikira. Ndinafufuza m'mutu mwanga zaka khumi ndi zinayi, dzinja ndi dzinja, kufuna tsiku limodzi limene ndinadula madzi ochepa kuposa amene analimo. Sindinalipeze. Chifukwa chake n'chosavuta. Masamba onse ankakayezedwanso kufakitale. Buku langa likaposa sikelo ya kumeneko, ndinkaitanidwa kuofesi. Likachepa, palibe ankandiitana. Palibe bwana anandiuzapo kuti uzibera anthu, ndipo ine sindinadzionepo ngati wakuba. Dzanja linangophunzira lokha mbali yogwera, monga mbuzi imaphunzirira mbali ya mpanda yopanda minga.

"Pachikani dengu, mayi, anthu akunyowa," ndinatero. Ndi zokhazo zimene ndinapeza.

Chakumasana bwana wamng'ono uja anaima ndi mthuthuthu wake pamsewu, nandikodola. Chinyanja chake chinali cha m'buku, chowongoka ngati mzere wa tiyi.

"Kalaliki, mnyamata wako uja adzayamba liti?"

"Posachedwa, bwana."

"Zabwino kwambiri. Sitandade 6 ndi yokwana. Sukulu yambiri iononga anyamata."

Anapita akumwetulira. Ine ndinatsala ndikuganiza kuti munthuyu pensulo yanga sanaigwire, pakhonde panga sanakhalepo, koma yankho limene ndinapeza Lamulungu ndi lomwe iye ankafuna. Masamba akachepa, wopindula ndi esiteti. Mwana akapepuka, wopindula ndi esiteti yomweyo. Kodi linali dzanja langa limene linalemba masamu aja, kapena la pansi pa bulugamu?

Nditaweruka ndinatenganso matikiti aja. Dengu ndinalisiya momwemo, pakuti fizi ndi fizi. Koma madzi sindinadule ngakhale dontho. Mphunzitsi ndinamukhulupirira, mnyamatayo mayeso anakhoza, sanatchone, anakwatira mwana wa kwathu konkuno wodziwa khasu, ndipo waya aliyense anamulambalala. Yankho linatuluka lonenepa, loti mlongo wanga adzagona m'nyumba ya malata asanachite imvi. Ndinaika matikiti awiriwo pafupi, lowonda ndi lonenepa, n'kumawayang'ana.

Musaganize kuti ndinatembenuka mtima n'kuyamba kukonda magetsi. Ayi. Yankho lachiwirilo linali bodza monga loyamba lija, kungoti bodza la mbali ina. Sikelo ikakayikitsa, kalaliki amaiyesa ndi chitsulo chodziwika kulemera kwake. Ine ndinalibe chitsulo choyesera zaka za mwana wa munthu. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ndiphonya basi, ndipo chotsala chinali kusankha mbali yophonyera. Ndinali nditaphonyera mbali imodzi kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndinati ndilaweko inayo, ndione ngati munthu amafa nayo.

Mkazi wanga sindinamuuze. Ndinadziuza kuti nkhani ya mbumba yanga si yake, pakuti ana athu ali ndi malume wawo wowaganizira. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa gudumu lakumbuyo lija.

Loweruka ndinapalasa kupita ku Luchenza, ndikuti ndikukagula mchere. Ndinapukuta njingayo pamtsinje ndisanalowe mumsika. Anaigula munthu wogulitsa nsomba zouma, amene anaizungulira kanayi, nagogoda masipoko, nati tcheni chatha, chishalo chapendama, belu ndi losasa mawu. Ankadula madzi pa njinga yanga ine ndili pomwepo, ndipo ndinamusirira luso. Tinagwirizana dzuwa litapendeka. Ndinafunsa kusiteshoni tsiku la sitima ya ku Limbe, n'kuyamba ulendo wapansi, ndalama nditamangirira m'chiuno. Mchere ndinaiwala.

Ndinayamba ndadzera kwa mlongo wanga. Ndinamasula mpango n'kuika ndalama pamphasa.

"Mwana akwera sitima Lachinayi. Za thangata ndikalankhula ndi kapitawo, ndizilipira ine pang'onopang'ono."

Anayang'ana ndalamazo, nayang'ana mapazi anga amatope. "Sikelo yasintha, achimwene?"

"Sikelo ndi yomweyo. Musandifunse zambiri, achemwali, ndingasinthenso."

Mnyamatayo anagwada monga anagwadira Lamulungu lija, nanena mawu omwe aja, "Zikomo, amalume," koma ulendo uno mbuzi sanazikumbukire. Ndinamuuza kuti waya aliyense azimupatsa ulemu wa apongozi, kumuona patali n'kupatuka.

Mufuna kudziwa ngati sukuluyo inabweza. Anthu amandifunsa, makamaka amene ali ndi ana ofuna maphunziro a mtundu womwewo, poganiza kuti ukalamba unandipatsa yankho. Mnyamatayo mayeso anakhoza ulendo wachiwiri, osati woyamba. Sanatchone, koma sanabwererenso kudzakhala kuno. Mkazi anakwatira wa m'tauni, wa nsapato zazitali ndithu, ndipo ndi amene anasamala mlongo wanga pa matenda ake omaliza. Malata anafika, mochedwa, mbali imodzi ya denga. Njinga sanandigulire. Ananditumizira tochi yaikulu yasiliva, imene mabatire ake ankandidyera ndalama mwezi ndi mwezi. Ndayesapo kuziika zonsezi pa pepala, koma yankho limasintha malinga ndi mmene ndadyera tsiku limenelo. Anzake amene analowa ukalaliki chaka chomwecho, wina anamanga sitolo ku Bvumbwe, wina anafa wosauka kuposa ine. Ndiye mundiuze inuyo.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija. Ndinafika pakhomo kutada, pakuti ndinali nditaiwala kuti Luchenza ali patali chotero. Mkazi wanga anali pakhonde, pafupi ndi thumba la chimanga limene anali atasokerera kale kukonzekera kuchigayo. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kumene kunayenera kukhala njinga. Anandipatsa madzi osamba. Anandipatsa chakudya. Sanafunse za mchere. Ine ndinayamba kufotokoza za matikiti awiri, za mayi wa mano awiri, za dzanja logwera mbali imodzi, ndipo ndinkalankhula bwino ndithu, moti ndinayamba kudzimvera chisoni ndekha. Iye ankangomvetsera akukolezera nyali.

Nditamaliza anagogoda thumba lija ndi chala, nati:

"Mwachita bwino, bambo a ana, mwanayo apite. Gudumu langa tidzakambirana. Koma chimanga ichi Lolemba chikhale chitagayidwa, ndipo musenza ndinu. Musavutike n'kupisamo dzanja. Ndachiyanika masiku atatu, mulibe madzi oti mudule."